KAWAYA KA OYILO KAJA MUSAZULE, AMANGWETU

Anyamata a kugombe, ndabweranso ndi zazitali zanga zija. Amene bandulo ili kumapeto, sungani muwerenge usiku. Koma ngati mumagwira mkono wa injini, kapena muli ndi mchimwene, mwamuna kaya mwana amene amachezera panyanja m'boti la injini, iyi musaidumphe. Ndi nkhani ya kawaya kamodzi, kochepa ngati ka chaja ya foni, kamene sabata zitatu zapitazo kanatsala pang'ono kutiyambanitsa pakhomo pathu.

Boti la madala linanyamuka pa Msaka dzuwa likulowa, chilimira m'kati, mabwato atapingasa pamwamba, siginala ndi mababu ake, alovi onse ali bho. Mwera unali utayamba kale koma tsikulo unagonako. Atayenda ngati ola limodzi, kagetsi kofiira ka pa injini kanayamba kuphethira, injini n'kudzibweza yokha. Ukapotokola mkono kuti ithamange, iyo kumangonjenjemera, kukana. Wapainjini anaizimitsa, anadikira pang'ono, n'kuilizanso. Inayenda bwinobwino mphindi khumi, kenako zomwe zija. Kachitatu anangoti basi, tiyeni kumtunda. Anabwerera pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, n'kufika cha m'ma 11 opanda ngakhale usipa wa ndiwo. Petulo wapsa, tulo tapita, m'thumba mbee.

Kutacha, bwalo linakhala pansi pa mtengo paja timasokera maukonde. Kunabwera makaniko wa pagombe pano, sinditchula dzina, ndi munthu wamkulu ndipo watithandiza kambirimbiri. Anachotsa chivundikiro, anasuzumira, osagwira ngakhale sipanala, n'kuti: "Aaa, iyi ndi sensa basi. Ma four-stroke amenewa ndi amantha. Tingozula kawaya aka, lero lomwe boti lipita." Alovi onse kuvomera. Madala anandiyang'ana ine, poti ndine ndimayenda ndi tesita pa maganyu anga a sola. Ine ndinati ayi. Mukanaona nkhope za anthu, ngati ndawalanda nsima pakamwa.

Ndiye ndati ndilembe chifukwa chimene ndinakanira, poti mawu akuti "ingozulani kawaya" ndawamva kuno, ndawamva ku Chembe, ndawamva ku Malembo, ndipo sindikukayika kuti uthenga uno ukafika ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota upeza anthu owadziwa.

Tivomerezane kaye kumene mtima umenewu ukuchokera. Ife tinakulira pa Yamaha Enduro, ya fifitini ija ndi ya fote. Injini imeneyo ndi two-stroke: oyilo umasakaniza ndi petulo m'chigubu, theka la lita pa malita 25, ukakhutchumula, basi. Ilibe mosungira oyilo m'mimba, ilibe pampu ya oyilo, ilibe kagetsi ka oyilo. Ngati wasakaniza bwino, yadya. Ngati wabera muyezo kuti utsale ndi ya fodya, idzakuuza yokha tsiku lonoka. Madala athu agwira nyanja zaka makumimakumi ndi injini yopanda kagetsi, ndiye akaona injini yoyatsa getsi n'kumakana kuthamanga, amaiona ngati mwana wa m'tauni wolira ndi udzudzu umodzi. Sindikuwaseka. Nanenso ndinkaganiza choncho.

Koma petulo anakwera, amangwetu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mizere ya pa filling station ija inabwera pambuyo, aliyense anayamba kuwerenga madontho. Four-stroke imamwa pang'ono, ndiye ena ayamba kugula, ambiri zogwirako kale ntchito ku malo ogona alendo ndi kumabungwe. Yathunso ndi yotero, ya 20, tinagula kwa munthu. Vuto ndi loti injini tinasintha koma nzeru tinatsala ndi za Enduro. Four-stroke ndi injini ya galimoto yaing'ono yopachika kumbuyo kwa boti. Oyilo wake amakhala payekha m'munsi, lita imodzi kaya iwiri yosakwana, ndipo pampu imamukoka n'kumukankha mwamphamvu kudutsa mu fyuluta kupita ku mabering'i a kiranki mpaka kumutu. Zitsulo m'katimo sizikhudzana, zimayandama pa oyilo wopyapyala kuposa pepala. Mphamvu yokankhayo, pulesha, ikatha, chitsulo chimakumana ndi chitsulo chinzake, kiranki ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi. Pamenepo injini imatha mu mphindi zowerengeka.

Tsono kasensa kaja ndi chiyani? Pa injini zing'onozing'ono zambiri zimene tili nazo kuno, si kompyuta ayi. Ndi kaswichi chabe, kooneka ngati pulagi yaifupi, komangidwa pathupi la injini pamene pamadutsa njira ya oyilo, kawirikawiri pafupi ndi fyuluta, ndipo kali ndi waya mmodzi. Injini ikakhala chete, kaswichiko kamalumikiza wayayo ku thupi la injini, kumene a magetsi timati ethi. Injini ikalira, oyilo amakankha kachikopa kali m'kati, swichi n'kutseguka, getsi n'kuzima. Pulesha ikagwa, swichi imabwerera n'kugunda ethi, getsi limayaka, ndipo bokosi la moto limadula liwiro, pa zambiri kufika cha m'ma 2,000. Nzeru yake yonse ndi yomweyo. Ndipo dziwani kuti kaswichika sikachenjeza msanga. Injini yabwino ikamathamanga pulesha imakhala ma bar angapo, pomwe swichi zambiri zimadzagunda itatsika pansi pa theka la bar. Getsi likayaka zoona, silikunena kuti "uonetse makaniko Loweruka". Likunena kuti zimitsa pompano.

Ndipatukeko pang'ono. Si injini zonse zimene zimayankhula ndi getsi lofiira. Ma Honda ang'onoang'ono a mkono, monga BF15 ndi BF20, ali ndi getsi lobiriwira limene limayaka zinthu zikakhala bwino, n'kuzima pulesha ikagwa. Ndinamvapo mnyamata akudandaula kuti getsi la oyilo silikuzima, akufuna alimate tepi, kkkk. Muzidziwa chilankhulo cha injini yanu.

Tsopano tamverani apa, chifukwa mutu wa nkhani ndi uwu. Mukazula kawaya kaja, getsi lizima ndipo injini ithamanga. Lizima ngati swichi ili yakufa. Lizimanso ngati swichi ili yamoyo koma oyilo watheratu. Lizima pampu itasweka, lizima fyuluta itatsekeka, lizima mabering'i atadyeka. Pa zonsezi chooneka ndi chimodzi: getsi zii, injini vuuu, anthu m'manja. Ndiye munthu akazula waya n'kunena kuti "mwaona, inali sensa", sanaonetse kanthu. Zili ngati mlonda akukuwa kuti wakuba, iwe n'kumumanga nsalu pakamwa, kenako n'kumauza anthu kuti mwamva, phokoso latha, kunalibe wakuba.

Sindikunena kuti sensa sinama. Imanama, makamaka pagombe pano pamene injini imanyowa, imagona pamchenga, imanyamulidwa paphewa m'mawa uliwonse. Ndikunena kuti pali njira yoigwira bodza, ndipo njirayo si yautali. Ife tinachita chonchi.

Tinayamba ndi chimene sichifuna ndalama, kuyeza oyilo. Koma kuyezako kuli ndi mwambo wake. Injini iime chilili, osati itapendekeka mmene imakhalira boti likakwezedwa pamchenga. Tinaipachika pa thabwa, n'kuisiya mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi. Solola dipisitiki, pukuta, bwezera, sololanso. Ndipo osangoona mzere ayi, mugwire oyiloyo ndi zala, mumununkhize. Akakhala pansi pa mzere, funso ndi lakuti wapita kuti. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Akakhala pamwamba pa mzere pomwe palibe anawonjezera, ali wamadzimadzi ndipo akununkha petulo, musasangalale kuti injini yanu ikubereka oyilo. Ndi petulo ameneyo akutsikira m'munsi, ndipo oyilo wosukuluka choncho sagwira pulesha injini ikatentha. Matenda amenewa amakonda injini zathu za usipa chifukwa timazisiya zikulira pang'onopang'ono nthawi yaitali, komanso chifukwa cha chizolowezi china chija chotaya themositati. Injini yopanda themositati sitentha mokwanira, ndiye petulo amene walowa mu oyilo sauluka, amangounjikana. Nthawi zinanso ndi kachikopa ka pampu ya petulo kabooka.

Wathu anali pakati pa mizere iwiri, wakuda pang'ono koma wabwino. Makaniko pompo: "Mesa ndanena?" Ndinati dikirani bambo, oyilo kukhalamo ndi nkhani ina, oyilo kuyenda ndi nkhani inanso. Madzi amatha kudzaza pansi, mjigo uli wakufa.

Kenako tinamiza mwendo wa injini mu diramu la madzi n'kuiliza pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, kuti tione ngati ikukodza. Musaseke, kamadzi kotuluka kumbali kaja n'kofunika, chifukwa injini zambiri zimadzibwezanso chimodzimodzi zikatenthedwa. Jumbo ikamata pa mabowo okokera madzi, kapena impela ikadyeka ndi mchenga, wapainjini amangoona injini yafooka n'kuthamangira kunena oyilo. Ndinamufunsa mnyamata wathu kuti getsi limene linayaka pambali pake pajambulidwa chiyani. Anati kachitini kodontha. Chabwino, ndi la oyilo. Madzinso amatuluka mwamphamvu.

Injini ili yozizira getsi silinayake. Linadzayamba kuphethira itatenthera, ngati mmene zinachitikira panyanja. Apa ndi pamene mtima wanga unagunda, chifukwa getsi loyaka injini ikatentha ndi chizindikiro chenicheni cha mabering'i otha kapena oyilo wosukuluka. Oyilo wozizira ndi wokhuthala, amabisa matenda. Akatentha amapyapyala, n'kumathawira m'mipata ya zitsulo zodyeka. Ndipo kumbukirani injini yathu ndi yogula kwa munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati simudziwa.

Tinatsata waya kuchokera pa swichi mpaka pamene walowa mu mtolo wa anzake. Paja getsi limayaka waya ameneyu akakhudza ethi, ndipo bokosi silidziwa ngati wakhudzitsidwa ndi swichi kapena wasupuka n'kugunda chitsulo yekha. Waya wosupuka amanama bodza la mtundu wake: getsi limaphethira boti likamenya funde, n'kuzima pabata. Koma oyilo wochepa amachitanso zomwezo, poti boti likapendama oyilo amathawira mbali imodzi pampu n'kukoka mpweya, n'chifukwa chake dipisitiki imayamba. Pa nkhani ya wayayi ndi pamene kuzula kuli ndi ntchito yake yoona. Getsi likuyaka, mumuzule pa swichi, mumugwire m'mwamba asakhudze chitsulo. Likayakabe, wolakwa ndi waya kapena bokosi, swichi ilibe mlandu. Likazima, waya ali bwino, ikuyatsa ndi swichi. Koma chifukwa chimene ikuyatsira, kaya yapenga kaya ikunena zoona, simunachidziwebe. Kwathu linazima, ndipo ndinazimitsa injini nthawi yomweyo.

Ndinatulutsa tesita, ndinaiika paja imalira mawaya ake akakhudzana. Wina pamutu pa swichi, wina pathupi la injini. Injini ili chete, tesita iyenera kulira. Injini ikulira, tesita iyenera kukhala chete. Yathu inkakhala chete kenako tii, chete, tii. Amene mulibe tesita musadandaule, batire la mababu a usipa ndi kababu kamodzi kakang'ono ka 12 volts zikwanira. Zulani waya wa swichi, negetivu ya batire ipite pathupi la injini, pozitivu idutse mu kababu n'kukafika pamutu pa swichi. Kababu kayake injini ili chete, kazime ikalira. Kungoti chigubu cha petulo chikhale patali polumikiza, tisamve kuti munthu wapsa nsidze.

Pali imfa ina ya swichi imene palibe amaidandaula, ndipo ndi yoipa kuposa iyi. Injini ili chete, tesita osalira, kababu osayaka. Swichi yotero yafa chotseguka. Sidzayatsa getsi ngakhale oyilo atatha mpaka dontho lomaliza. Mwini wake amanyadira kuti injini yanga siivuta, pomwe mlonda wake anafa kalekale ali chikhalire pampando.

Ndiye tinafika pamene tesita imathera nzeru. Chimene chimaweruza mlandu ndi geji ya pulesha, ija ya singano. Ndinakwera kabaza mpaka ku Monkey Bay, ndinapeza makaniko wa magalimoto amene ali nayo, tinagwirizana za ulendo wake. Ntchito yake ndi yochepa: kumasula swichi, kumanga geji pa bowo lomwelo, kuliza injini mpaka itenthe, kuwerenga singano ikulira pang'onopang'ono, kuwerenganso itakwezedwa moto. Manambala oyenera ali m'buku la injini yanu. Buku mulibe, tengani nambala ili pa kachitsulo ka pomangira injini ku boti, mufufuze pa intaneti, bandulo ya TikTok ya tsiku limodzi ikwanira. Singano yathu inakwera n'kuima nji, yozizira ndi yotentha yomwe. Titayang'anitsitsa swichi yakaleyo tinaona oyilo akutuluka thukuta pamene pulasitiki yakumana ndi chitsulo. Kachikopa kanali katatha.

Inde. Inali sensa. Makaniko wathu analondola, ndipo mpaka lero akulengeza pa bawo kuti mwana wa sukulu anagoneka boti masiku awiri pofuna kutsimikiza zimene iye anaona ndi maso. Ndamusiya, ndi bambo anga amene aja. Koma kwa inu anzanga ndinena: sanaone ndi maso, analota. Palibe maso amene amaona pulesha m'kati mwa chitsulo. Akhoza kulota bwino lero, mawa ndi mkuja. Tsiku limene adzaphonye, iye adzakhala ali kumtunda akumwa tiyi, m'botimo muli inu.

Ndipo tsiku lotero ndinaliona. Chaka chatha, boti la amalume ena pa gombe loyandikana nafe. Zizindikiro zomwezi, getsi, kudzibweza. Iwo anali atamva kale mankhwala ake, ndiye wapainjini anachotsa chivundikiro panyanja pomwepo n'kuzula kawaya, poti siginala wa boti lina anali ataimba foni kuti usipa wadzaza kutsogolo. Injini inathamanga bwino ndithu. Kenako inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma msomali, n'kuima, chingwe osakokekanso. Chinachitika n'choti posintha oyilo anabwezera kawashala kakale pa bawuti yokhetsera, oyilo wakhala akudontha masiku onsewo, palibe anasolola dipisitiki. Usiku umenewo Mwera unadzuka. Anthu asanu ndi anayi, nkhafi zitatu, boti lolemera ndi ukonde. Mukudziwa kumene Mwera umakankhira munthu wochokera mbali ino, kukati. Anawapeza mawa lake masana cha ku zilumba za Maleri, onse amoyo, Mulungu alemekezeke, koma mmodzi mwa anyamatawo mpaka lero salowanso m'boti. Injiniyo ili pansi pa bedi, akugulitsa chimodzichimodzi, lero kabuleta mawa pulopela. Ngongole imene anaigulira akubwezabe.

Tsono ndikudziwa chimene ena mukunena m'mitima: "Iwe umadya za sola, ife timadya za usiku womwewo." Zoona. Mlovi salandira pamwezi, amalandira pa zimene zalowa mu ukonde. Boti likagona masiku awiri, ndi mabanja khumi amene agona ndi njala, ndipo usipa sudikira munthu. Alovi athu anandikwiyira ndipo sindiwaimba mlandu. Ndivomerenso apa kuti swichi yatsopano inatenga masiku kuti ifike kuchokera ku Lilongwe, ndipo podikira, boti linapita usiku utatu kawaya kali kozula, komata tepi. Koma linapita geji itanena kale kuti pulesha ili bwino, linapita aliyense m'botimo akudziwa kuti getsi silikugwira ntchito, dipisitiki ikusololedwa ponyamuka ndi pakati pa usiku, ndiponso osapita kutali. Zimenezo ndi kuzula mwa maloto pansi pa mtengo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ena muti, nanga getsi likayaka pakati pa nyanja, geji ili ku Monkey Bay? Zimitsani, imitsani injini chilili, dikirani pang'ono, yezani oyilo ndi tochi. Wachepa, onjezerani, n'chifukwa chake botolo la theka la lita liyenera kukhala m'boti ngati mmene mumakhalira chopungira madzi. Oyilo alimo koma getsi likuyakabe, lozani kumtunda ndi liwiro lomwe injini yakupatsanilo. Amene anaipanga sanaiuze kuti izime pompo, anaiuza kuti ichepetse, kuti mukafike. Liwiro la 2,000 ndi lochedwa, koma limaposa nkhafi zitatu. Ndipo ngati mafunde akudzaza boti, kapena mphepo ikukukankhirani pa miyala, pamenepo musandifunse ine, zulani chilichonse, thamangitsani, injini ife inu mupulumuke. Chitsulo chimagulidwa. Koma foni yoti usipa wadzaza kutsogolo si mafunde.

Eni maboti, apa ndiye ndili nanu, kuyambira madala anga omwe. Usiku umene anyamata anabwerera, mawu oyamba amene wapainjini analandira anali akuti "petulo wanga wamuotcheranji?" Mnyamata amene anapulumutsa injini ya mamiliyoni, kapena tinene amene anachita zoyenera posadziwa ngati ikufa kapena ayi, analandira mwano. Mukuganiza kuti ulendo wina adzabwereranso? Adzazula kawaya mwakachetechete, n'kubwezera pofika kugombe, inu osadziwa. Anyamata ambiri sazula chifukwa cha umbuli, amazula chifukwa choopa bwana. Madala pambuyo pake anamupepesa m'njira yawo, anamugulira mayunitsi osanena kanthu, kkkk, mukuwadziwa akuluakulu. Koma lamulo tinaika poyera: getsi la oyilo likayaka, wobwerera alibe mlandu.

Zina n'zazing'ono koma ndi zimene zimayatsa getsi. Four-stroke sigonekedwa mbali iliyonse ngati Enduro. Pali mbali yake, ndipo zambiri zili ndi chithunzi chomata chosonyeza. Mukaigoneka molakwika oyilo amalowa ku pisitoni ndi ku kabuleta, mawa lake utsi tolo, dipisitiki yatsika, inu n'kumati mwalodzedwa. Oyilo asinthidwe pa maola 100 aliwonse. Palibe amene amawerenga maola kuno, ndiye tawerengani chonchi: maola asanu pa usiku, masiku 20, akwana 100. Kutanthauza kuti mwezi ukawala, pamene maboti a usipa akupuma, imeneyo ndiyo nthawi yokhetsa oyilo, ndipo kawashala kakhale katsopano. Oyilo wake ndi wa four-stroke, 10W-30 kapena 10W-40, wa m'botolo lomata, osati wa two-stroke, osatinso uja wa m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu amene palibe akudziwa kuti anachokera mu lole yanji. Pomanga swichi yatsopano musaonetse mphamvu, mano ake ndi othina chakutsogolo ndipo thupi la injini ndi aluminiyamu, mukakakamiza limang'aluka. Tepi yoyera ya mapaipi musakulunge yambiri, chifukwa swichi imapeza ethi kudzera m'mano omwewo, komanso kachidutswa kakalowa m'njira ya oyilo mwadzipangira vuto lenileni pofuna kukonza labodza. Ya galimoto imatha kulowa pa bowopo, koma kulowa si kufanana, yerekezani mano ndi pulesha imene imagundira musanaikhulupirire.

Inu amene mumayendetsa maboti a alendo okhala ndi two-stroke zazikulu za thanki ya oyilo payokha, yanu ndi ina. Sensa yanu ndi kachoyandama kokhala ndi maginito m'thankimo. Kakakalamba kamamwa oyilo n'kumira, kapena maginito amagwa, alamu n'kumalira thanki ili yodzaza. Kameneko kamangoyeza kuchuluka, ndiye maso anu pa thanki amathandizadi. Koma kasinthidwe, osati kukasiya kozula, chifukwa tsiku limene thanki idzaume palibe adzakuuzeni.

Ndipo amene mukufuna kugula four-stroke kwa munthu, musangomvera kulira kwake. Chotsani chivundikiro, pezani swichi ya oyilo, onani ngati waya wake alipo. Mukapeza kawaya kopindidwa, komatidwa tepi yakuda, kobisidwa kuseri kwa mawaya ena, funsani kuti anakazula liti ndipo chifukwa chiyani. Yankho likakhala lakuti "inali sensa basi", muuzeni kuti ndalama zituluka geji ikayankhula. Inunso ogulitsa, kugulitsa injini yozula waya osanena ndi chimodzimodzi kugulitsa bwato lobooka mutamata dothi.

Chimene chinandiwawa pa nkhani yonseyi n'choti gombe lonse lino, maboti onsewa, palibe geji ya pulesha ngakhale imodzi, mpaka munthu kukwera kabaza. Ndawauza madala kuti akalankhule ku komiti ya pagombe, eni ma four-stroke asonkhe igulidwe imodzi, izikhala kwa makaniko wathu yemwe uja, poti manja ake ndi abwino ndipo akakhala nayo sadzafunikanso kulota. Atatu avomera kale. Amene mukufuna kuona mmene timayezera swichi ndi kababu, ndidzakhala pansi pa mtengo paja Loweruka m'mawa, bwerani ndi injini zanu ngakhale zimene sizikuvuta, tione ngati alonda ake ali moyo. Tesita ndibwereketsa, koma amene anatenga sipanala 10 yanga mu April abweze kaye.